Nayibe ndi Mutu wa Kambuku

Nayibe anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala mu mzinda wa Barranquilla ndi makolo ake, Papi ndi Mami. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kukhala kambuku.

Chikondwerero cha Karnavali chinali chitayandikira. Madzulo aliwonse ng'oma zinkalira. Ana a mu msewu wawo ankaphunzira gule. Kutsogolo kwa gule kumavina nyama. Nyama zimadumpha. Nyama zimabangula. Nyama zimaopseza anthu kuti apatuke panjira.

Kumbuyo kwenikweni kumayenda mwana wonyamula mabotolo a madzi. Iye sadumpha. Iye sabangula. Palibe amene amamuopa.

Chaka chatha, mwana ameneyo anali Nayibe.

Lolemba madzulo, Seño Dilia anabwera ndi thumba lalikulu. Seño Dilia ndiwo ankaphunzitsa gule. Anali ndi wezulo m'khosi. M'thumbamo munali mitu ya nyama, yosema pamtengo. Munali ng'ombe ziwiri. Munali bulu. Munali nyani. Munalinso kambuku mmodzi, wa mano oyera mbee.

Nayibe anakweza dzanja. Kenaka anakweza manja onse awiri.

"Seño! Seño! Kambukuyo ndi wanga!"

Seño Dilia anamuyang'ana. Anayang'anitsitsa khosi lake.

"Mwanawe, mutu uwu ndi wolemera," anatero. "Khosi lako ndi ngati la nkhuku. Likhoza kuthyoka."

Ana onse anaseka. Kambuku anapita kwa mtsikana wamtali wa zaka khumi ndi ziwiri.

Nayibe anatupa ngati finye.

"Khosi la nkhuku? Ine? Si chilungamo chimenechi!"

"Chabwino," anatero Seño Dilia. "Ubwere ndi mutu wakowako. Ukhale wopepuka. Ukhale wokukwana bwino. Ndiuone Loweruka, folo koloko masana. Ukabwera nawo, Lamulungu uvina kutsogolo."

"Nanga ndikapanda kubwera nawo?"

Seño Dilia anangoloza mabotolo a madzi.

Nayibe anafika kunyumba akupondetsa mapazi. Di! Di! Di!

Mami anali pa makina osokera. Ankasoka zovala za gule. Tepi yoyezera inali m'khosi mwawo. Tizidutswa ta nsalu tinali mbwee pansi. Papi anali atangoweruka kumene. Iwo ankayendetsa basi.

Nayibe anafotokoza zonse. Anafotokoza kawiri.

"Nkhani yake ndi yomweyi?" anatero Papi. "Pukuta misozi, mwana wanga."

"Sindikulira! Ndakwiya!"

"Ndiye pukuta mkwiyowo. Bwera kuno."

Pakona panali kompyuta yakale. Pambali pake panali pulinta, makina osindikizira mapepala. Papi anafufuza pa kompyutapo. Anapeza mutu wa kambuku wopanga ndi mapepala. Umasindikiza. Umadula. Umapinda. Umamata.

"Mawa ukamachoka kusukulu, upeza ndasindikiza," anatero Papi.

"Efraín," anatero Mami kwa Papi, maso ali pa singano. "Muwerenge malangizo."

"Malangizo? Ine ndimayendetsa chibasi chonse chija popanda malangizo!"

Lachiwiri, Nayibe anathamanga pochoka kusukulu. Patebulo panali mapepala olimba. Anawawerenga. Analipo khumi ndi awiri.

Anayang'ana pepala loyamba. Anayang'ana lachiwiri. Sanaone kambuku. Anaona zidutswa zokhazokha. Zina zinali zosongoka. Zina zinali zopyapyala. Zonse zinali zachikasu.

"Papi, kambuku ali kuti?"

"Ali momwemo. Wabisala."

Nayibe anayang'anitsitsa. M'mphepete mwa chidutswa chilichonse munali nambala. Apa panali 1. Uko kunalinso 1. Apa panali 2. Uko kunalinso 2.

"Ndazindikira!" anatero. "Nambala iliyonse ikufuna mnzake!"

Anatenga sizasi. Anatenga guluu. Anadula. Anapinda. Anamata. 1 anapeza 1. 2 anapeza 2.

Anzake ankasewera panja. Nayibe sanatuluke.

Lachitatu anadula. Anapinda. Anamata. Zala zake zinamatana. Fani inaulutsa nambala 14. Nayibe anaikalipira faniyo. Fani inangopukusa mutu, uku ndi uku.

Lachinayi anadula. Anapinda. Anamata. Mphuno inaoneka. Makutu anaoneka. Kambuku anatuluka m'mapepala muja!

"Mami! Papi! Bwerani mudzaone!"

Nayibe ananyamula mutuwo ndi manja awiri. Anauika pamutu pake. Anakoka.

Mutu wa kambuku sunalowe.

Anakokanso. Sunalowe. Unangokhala pamwamba, ngati kachipewa.

"Ndi tsitsilo," anatero Papi.

Mami anamanga tsitsi lake zolimba. Nayibe anakoka. Sunalowe.

"Ndi makutuwo," anatero Papi.

"Makutu anga ali chonchi chibadwire!"

"Ndiye kuti mutu wako wakula. Zimachitika. Wachulutsa kuganiza sabata ino."

Nayibe anaika kambuku pansi. Anapinda manja pachifuwa.

Pamenepo Tinto analowa. Tinto anali galu wawo, wakuda bii. Ananunkhiza kambuku. Analowetsa mphuno. Analowetsa mutu wonse.

Unamukwana ndendende.

Tinto anaimirira. Kutsogolo anali kambuku. Kumbuyo anali galu. Anathamanga kuzungulira tebulo. Anagunda mpando. Anatuluka panja.

Papi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mami anabisa nkhope m'nsalu. Mapewa awo ankagwedezeka.

"Mukuseka?" anakuwa Nayibe. "Galu ali ndi mutu! Ine ndilibe! Si chilungamo chimenechi!"

Tinto anabwerera. Pakhosi pake panatsala khutu limodzi la pepala.

Madzulo amenewo Nayibe anakana kudya. Anangodya nthochi zokazinga zitatu. Anazidya mokwiya.

Lachisanu atachoka kusukulu, Nayibe anakhala pakhonde. Anali ndi funso.

Nambala iliyonse inapeza mnzake. Iye sanalakwitse paliponse. Nanga bwanji mutuwo unachepa?

Anaganiza. Anaganizanso. Kenaka anaona pepala pa mpando wa Papi. Linali lopindapinda. Papi ankadzikupiza nalo kukatentha.

Nayibe analitambasula. Linali pepala la malangizo. Pakati pake panali kabokosi kojambula. Pansi pa kabokosiko panali mawu. Nayibe anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pa mawuwo.

"Yezani bokosi ili musanadule. Likhale masentimita khumi."

Analowa m'nyumba.

"Mami, ndibwerekeni tepi."

Anayeza kabokosi kaja. Tepi inati asanu ndi awiri. Anayezanso. Asanu ndi awiri. Anatembenuza pepala, mutu pansi. Asanu ndi awiri basi.

Kenaka anaona chinthu china. Kumanzere kwa pepala kunalembedwa kuti "Tsamba 1 mwa masamba 24." Kumanja kunalembedwa kuti "Tsamba 2 mwa masamba 24."

Masamba awiri pa pepala limodzi!

Nayibe anakoleka tepi m'khosi. Anakaima pakhomo. Anadikira.

Papi anafika akuimba mluzu.

"Papi, imani pomwepo."

"Ndalakwanji, bwana wapolisi?"

"Werengani apa. Bokosi ili likhale masentimita angati?"

Papi anawerenga. "Khumi."

"Nanga tepi ikuti angati?"

Papi anayang'ana tepi. Anayang'ana kumwamba. "Asanu ndi awiri."

"Atatu apita kuti?"

Papi anakanda m'mutu. "Mwina tepi ya Mami wako yakalamba."

Makina osokera anasiya kulira.

"Mwati tepi ya ndani?" anafunsa Mami. "Tepi imeneyo yayeza akwati. Yayeza ana a msewu wonse uno. Yayezanso mimba yanuyo. Sinanamepo!"

Papi anakhala pansi.

"Chabwino," anatero. "Masamba analipo makumi awiri ndi anayi. Ndinaona kuti achuluka. Ndinauza pulinta kuti iziika awiri pa pepala limodzi. Ndimati ndisunge mapepala."

"Ndiye zonse zinachepa!"

"Zinachepa, inde. Ine ndimayesa ndachenjera."

"Masiku atatu, Papi! Ndinadula masiku atatu! Munati ndi tsitsi langa! Munati ndi makutu anga!"

"Ndinatero."

"Munati mutu wanga wakula!"

"Ndinateronso." Papi anavula chipewa. "Pepa, mwana wanga. Mutu wako uli bwinobwino. Wolakwa ndi wangawu."

Nayibe sanamwetulire. Analoza kompyuta.

"Tisindikizanso. Koma muyambe mwawerenga. Mokweza."

Papi anawerenga malangizo onse. Anawerenga mokweza. Anawerenga ngakhale timawu tating'ono ta pansi.

Anasindikiza tsamba loyamba lokha. Nayibe anayeza kabokosi. Tepi inati khumi.

"Tsopano enawo," anatero Nayibe.

Pulinta inayamba kulira. Zii, zii, zii. Masamba oyamba anatuluka achikasu. Tsamba 9 linatuluka lotuwa. Tsamba 15 linatuluka la pinki. Tsamba 20 linatuluka loyera, la mizere yokha.

"Inki yachikasu yatha," anatero Papi chapansipansi.

"Kaguleni ina!"

Papi anathamanga ku shopu. Anabwerera chimanjamanja. Shopu inali yotseka. Eni ake anali atapita kokaonera gule.

Nayibe anaima patsogolo pa pulinta. Anagwira m'chiuno.

"Iwe! Unaonapo kambuku wa pinki? Unamuona kuti? Mawa ndi Loweruka! Si chilungamo chimenechi!"

Pulinta ilibe manyazi.

"Nayibe," anatero Mami. "Taona pansi."

Nayibe anayang'ana pansi. Anaona tizidutswa ta nsalu. Tina tinali tachikasu. Tina tinali takuda. Kamodzi kanali kofiira psuu.

"Mapepalawo akhale mafupa," anatero Mami. "Khungu lili pansipo."

Loweruka anadzuka m'mamawa. Papi anapempha mnzawo kuti awagwirire ntchito.

"Lero bwana ndine," anatero Nayibe. "Papi, inu muzidula. Mami, inu muzipinda. Ine ndizimata."

"Inde, bwana," anatero Papi.

"Ndipo Tinto akhale panja."

Tinto anakhala panja.

Papi anadula. Mami anapinda. Nayibe anamata. Iye ankazidziwa kale nambala zonse. Ankaziitana ngati mphunzitsi m'kalasi.

"Nambala 7!"

"Alipo!" anatero Mami.

"Nambala 8!"

"Akubwera, bwana," anatero Papi. "Basi yake yachedwa."

"Papi, musadule mokhota."

"Sizasiyi ndi yaing'ono. Zala zanga sizikulowa."

"Mwina zala zanu zakula," anatero Nayibe. "Zimachitika."

Mami anaseka mpaka kugwetsa nambala 9.

Dzuwa litakwera, mutu unatha. Unali waukulu. Unali wachikasu kumphuno. Unali wa pinki m'masaya. Unali woyera kumakutu.

Mami anaphika phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa. Linali lomata kuposa guluu. Nayibe anaviika nsalu zachikasu m'phalamo. Anazimata chimodzi chimodzi. Pinki anabisika. Kuyera kunabisika.

Anadula nsalu yakuda. Anapanga mawanga. Anadula nsalu yofiira. Anapanga lilime lalitali. Mano anadula pa katoni ya mkaka. Ndevu anazula pa tsache.

"Tsache langa!" anatero Mami.

"Zisanu ndi chimodzi zokha, Mami."

Tsopano mutu unali wonyowa. Unafunika kuuma. Anauika pabwalo, padzuwa. Koma mphepo ya nyengo ya Karnavali ndi yamphamvu. Inaugubuduza. Nayibe anauwakha usanafike pa mpanda.

"Wina augwire mpaka uume," anatero Mami.

Mami anayang'ana Papi. Nayibe anayang'ana Papi.

Papi anatenga mpando. Anakhala padzuwa. Anafungatira kambuku pamiyendo ngati khanda. Thukuta linayamba kutsika.

Mayi wa nyumba yoyandikana nayo anasuzumira pa mpanda.

"Don Efraín, mwabereka liti? Wafanana nanu mphuno!"

"Pitani, mayi, pitani," anatero Papi.

Patapita nthawi anaitana. "Nayibe! Ndikhala pano mpaka liti?"

Nayibe anayang'ana pa pepala lija. "Malangizo akuti mpaka uume."

Itakwana hafu pasiti fili, mutu unauma gwa. Mami anasokerera lasitiki yogwira kuchibwano. Nayibe anaunyamula ndi manja awiri. Anauika pamutu. Anakoka pang'ono.

Unadutsa tsitsi. Unadutsa makutu. Unakhala pamapewa.

Unamukwana!

M'katimo munali mdima. Munkanunkhira chinangwa. Nayibe ankaona kudzera kukamwa kwa kambuku, pakati pa mano.

"Tiyeni!" anakuwa. "Tachedwa!"

Anathamanga onse atatu. Ng'oma zinali zitayamba kale. Ng'ombe ziwiri zinali pamzere. Bulu analipo. Nyani analipo. Kambuku wamtengo analiponso. Anthu anadzaza m'mbali mwa msewu.

Seño Dilia analiza wezulo. Ng'oma zinasiya.

"Kodi uyu ndi ndani?"

"Ndine Nayibe, Seño."

Seño Dilia anazungulira Nayibe. Anagogoda mutuwo ndi chala. Anakoka ndevu imodzi.

"Gwedeza mutu."

Nayibe anagwedeza. Mutu sunagwe.

"Dumpha."

Nayibe anadumpha. Mutu sunagwe.

"Ukuona bwino? Ndakweza zala zingati?"

"Zitatu. Ndipo dzanja linalo mwabisamo switi."

Ana anaseka. Seño Dilia anaika switiyo m'thumba msangamsanga.

"Mutu ulipo," anatero. "Koma kambuku alimo? Kambuku wosaopsa ndi mphaka chabe. Taopseza munthu tione."

Nayibe anatembenuka. Anayang'ana anthu kudzera pakati pa mano. Kutsogolo kwenikweni kunali Papi. Nkhope yawo inali itapsa ndi dzuwa. Ankakweza manja.

"Uyo ndi mwana wanga!" ankauza aliyense. "Mutuwo ndasindikiza ndine!"

"Ndasindikiza ndine?" Nayibe ananong'ona.

Mkwiyo wa sabata yonse unali m'mimba mwake. Unakwera pachifuwa. Unafika pakhosi. Nayibe anawerama. Anapinda zala ngati zikhadabo. Anathamangira Papi.

"RRRAAAWUUU!"

Nkhunda zinauluka pa waya. Bulu anabisala kumbuyo kwa nyani. Papi anabwerera m'mbuyo. Anaphonya phazi. Anakhala pansi kuti phwa! Chipewa chawo chinagubuduka mu msewu.



Kenaka msewu wonse unawomba m'manja. Woimba ng'oma anaimenya mwamphamvu. Kambuku wamtengo anasendera pambali. Anasiya malo.

Seño Dilia analiza wezulo.

"Kutsogolo!" anatero. "Lero ndi mawa, kutsogolo!"

Nayibe anavina. Anadumpha. Anabangula. Anthu anapatuka panjira.

Gule atatha, Papi anagula ayisi wopala wothira madzi ofiira otsekemera. Anagula atatu. Nayibe anakana kuvula mutu. Mami anamulowetsera kapaipi kukamwa kwa kambuku.

Anayenda kupita kunyumba. Papi anali kumanja. Mami anali kumanzere. Kambuku anali pakati, akumwa ayisi.

"Unandiopsezadi, mwana iwe," anatero Papi. "Mtima ukugundabe."

"Zinakuyenerani," anatero Mami.

Papi anawerama. Anasuzumira pakati pa mano a kambuku. Anaona maso awiri akuwala.

"Nanga bwana, mukadali okwiya?"

Nayibe anaganiza. Anagwira dzanja la Papi.

"Pang'ono pokha," anatero. "Ndasungira gule wa mawa."